Kalata yotseguka kwa oyang'anira mizinda pa za antchito amene amatumikira alendo

Kwa mameya, makhansala, akuluakulu a mabungwe okopa alendo ndi eni mahotela,

Olemekezeka,

Ndikukulemberani monga munthu amene watha zaka zambiri ataima pa tebulo lolandirira alendo usana ndi usiku, ndipo pambuyo pake wakhala akuphunzitsa achinyamata ofuna kulowa ntchito yomweyi. Sindinabwere kudzakunyozani, pakuti ndikudziwa kuti kuyendetsa mzinda ndi mtolo wolemera, komanso kuti ambiri mwa inu mumafunadi kuti alendo azibwera mwaunyinji n'kubwerera kwawo akuyamikira. Chimene chandikakamiza kulemba n'chakuti pa misonkhano yanu ya zokopa alendo mumakhazikika pa misewu, zipilala, zikwangwani ndi makanema otsatsira mzinda, koma anthu amene mlendo amaonana nawo maso ndi maso simuwatchula kawirikawiri, ndipo mukawatchula kumakhala kuwadzudzula kuti alibe ulemu.

Tawerengani anthu amene mlendo amakumana nawo pa tsiku lake loyamba. Woyamba ndi wodinda pasipoti, kenaka wonyamula zikwama, dalaivala wa takisi kapena basi, mlonda wa pachipata, wolandira alendo, woperekera zakudya, ndiponso wogulitsa malonda m'mbali mwa msewu amene mlendoyo amamufunsa njira akasokera. Palinso mayi woyala pabedi amene mlendo samuona konse, ngakhale kuti usiku wonse amagona pa ntchito ya manja ake. Anthuwa mwina sakwana n'komwe khumi, komatu mlendoyo akakafika kwawo amakanena molimba mtima kuti anthu a mumzinda uja ndi aulemu, kapena kuti ndi akuba, ngati kuti anacheza ndi mzinda wonse. Meya sanamuone, nduna sanaione, mwini hotela sanamuone. Mbiri ya anthu mamiliyoni imasenzedwa ndi anthu ochepa amenewa, amene nthawi zambiri ndiwo olandira malipiro otsikitsitsa pa onse okhudzidwa ndi ulendowo.

Akatswiri ofufuza za maganizo a munthu anaonetsa kale chifukwa chake mphindi zochepazi zimalemera chomwechi. Mu 1993 Daniel Kahneman ndi anzake anauza anthu kuti aviike dzanja m'madzi ozizira madigiri 14 kwa masekondi 60, ndipo ulendo wina anawauza kuti achite chimodzimodzi koma awonjezere masekondi 30 madziwo akufunditsidwa pang'ono chabe kufika madigiri 15. Atafunsidwa kuti angakonde kubwereza ulendo uti, ambiri anasankha wautaliwo, ngakhale kuti ululu wake unali wochuluka, chifukwa unatha bwinoko. Munthu sakumbukira ulendo pouwerengera ola ndi ola, amakumbukira pamene zinamufika pamtima kwambiri ndi mmene zinathera. Pa ulendo wa mlendo, pamene zimamufika pamtima ndi pamene wagwa m'vuto, ndipo mathero ake amakhala m'manja mwa wolemba bilu ndi dalaivala womuperekeza ku bwalo la ndege. Mlendo angathe kuona zokongola kwa masiku asanu, koma dalaivala mmodzi akamubera pa tsiku lomaliza, nkhani imene akaifotokoze kwawo ndi imeneyo.

Ndikufuna ndikuuzeni za usiku wina umene sindinauiwale. Mayi wina wachikulire anafika pa hotela imene ndinkagwirapo ntchito cha m'ma 2 koloko usiku, zikwama zake zitatsalira ku bwalo la ndege, ndipo atalowa m'chipinda anapeza kuti mpopi sukutulutsa madzi. Chipinda china chabwino chinalipo chopanda munthu, ndipo kiyi wake anali m'manja mwanga, koma lamulo la pamalopo linali lakuti palibe wosintha mlendo chipinda popanda chilolezo cha bwana, pamene bwanayo sankayankha foni. Ndinaima pamaso pa mayiyo kwa pafupifupi ola lathunthu ndikupepesa ndi kumwetulira monga anandiphunzitsira, ndipo ndinaona m'maso mwake kuti kumwetulira kwangako kunkangomuwonjezera mkwiyo. Amene anapulumutsa zinthu usiku umenewo anali mlonda, bambo wosadziwa chilankhulo cha mlendoyo, amene mosauzidwa ndi aliyense anakatenthetsa madzi n'kuwasenza mu ndowa kukwera nawo masitepe. Mayiyo pochoka anafunsa dzina la mlondayo, osati langa kapena la bwana. Kuchokera tsiku limenelo ndinazindikira kuti wantchito amene mwamumana mphamvu yothetsera vuto laling'ono mwamusandutsa khoma loti mlendo azigundapo mutu. Kampani ya mahotela ya Ritz-Carlton imadziwika ndi lamulo lolola wantchito aliyense kugwiritsa ntchito ndalama zofika madola 2,000 pothetsa vuto la mlendo osayamba wapempha chilolezo. Si hotela iliyonse ingakwanitse ndalama zotere, ndipo sindikunena kuti mutengere chiwerengerocho. Chofunika kutengera ndi chikhulupiriro chakuti munthu amene waima pamaso pa mlendo ndiye akuona bwino chimene chikufunika pa nthawiyo.

Zinthu zikavuta, mankhwala amene mumakonda kuthamangira ndi maphunziro a masiku awiri ophunzitsa antchito kumwetulira ndi kupereka moni. Ngakhale mzinda wa Paris unachita zofanana ndi zimenezi mu 2013, pamene unagawira operekera zakudya, madalaivala a takisi ndi ogulitsa m'masitolo kabuku kofotokoza mmene angalankhulire ndi alendo ochokera m'mayiko osiyanasiyana. Maphunziro otere si oipa, ine ndemwe ndawaphunzitsapo kambirimbiri, ndipo kudziwa mawu ochepa a chilankhulo cha mlendo kumatsegula mtima wake. Koma ndaonanso wachinyamata akukhoza bwino maphunzirowo, kenaka n'kukagwira ntchito maola khumi ndi awiri ali chiimire, malipiro atachedwa mwezi wachiwiri, osadziwa ngati kontrakiti yake idzawonjezedwa. Ulemu umene munthu wotere amaupereka umakhala wokakamiza, ndipo mlendo amauzindikira msanga monga mmene mwana amazindikirira kuti m'nyumba muli mkangano ngakhale makolo akuyesetsa kuseka.

Ku Spain amayi okonza m'zipinda za mahotela anatopa ndi kusaoneka, ndipo mu 2016 anakhazikitsa bungwe lotchedwa Las Kellys, dzina lochokera ku mawu a Chisipanishi otanthauza "amene amayeretsa". Madandaulo awo anali akuti malamulo a ntchito atasinthidwa mu 2012, mahotela ambiri anasiya kuwalemba ntchito mwachindunji n'kuwapereka m'manja mwa makampani ena, amene ankawapatsa zipinda zochuluka kwambiri pa tsiku ndi malipiro otsika, moti ambiri ankayamba tsiku ndi kumwa mankhwala opha ululu wa msana ndi mapewa. Mu 2018 nduna yaikulu ya dzikolo, Mariano Rajoy, inakumana nawo, ndipo mu 2022 boma la zilumba za Balearic linaika m'malamulo kuti mahotela asinthe mabedi awo n'kuika otha kukwezedwa m'mwamba, kuti woyala asamawerame tsiku lonse. Ena angaone ngati bedi ndi nkhani yaing'ono yosayenera kufika ku nyumba ya malamulo. Ine amene ndaona amayi a zaka makumi anayi akuyenda ngati nkhalamba chifukwa cha ntchito imeneyi ndikuti lamuloli linakhudza pamene pali bala penipeni, ndipo chipinda chimene chakonzedwa ndi munthu wosathamangitsidwa mlendo amachizindikira akangotsegula chitseko.

Ku Japan kuli chitsanzo cha mtundu wina. Sitima zothamanga za Shinkansen zikafika pa siteshoni ya Tokyo zimaima mphindi 12, ndipo antchito a kampani ya TESSEI amakhala ndi mphindi 7 zokha zoti ayeretse sitima yonse. Ntchitoyi kale inkaonedwa yonyozeka ndipo anthu sankakhalitsapo, koma kuyambira mu 2005 utsogoleri watsopano unasintha yunifolomu, unayamba kumvera maganizo a antchitowo ndi kuyamikira poyera amene achita bwino, mpaka lero alendo amaima pa siteshoni kujambula oyeretsawo akugwira ntchito.

Tsopano ndikhazikike pa madalaivala, popeza madandaulo ambiri a alendo amagwera iwo. Ku London munthu sapatsidwa chiphaso choyendetsera takisi yakuda asanakhoze mayeso otchedwa The Knowledge, amene anayamba mu 1865. Wophunzira amaloweza pamtima njira 320 ndi misewu pafupifupi 25,000 ya m'dera la makilomita pafupifupi khumi kuzungulira malo otchedwa Charing Cross pakati pa mzindawo, ndipo ambiri zimawatengera zaka zitatu kapena zinayi. Mu 2000 Eleanor Maguire wa ku University College London anapeza kuti mbali ya ubongo yothandiza kukumbukira malo imakhala yokulirapo mwa madalaivala amenewa. Lero foni imatha kulozera njira, n'zoona, ndipo si mzinda uliwonse umene ukufunika mayeso olemera chomwechi. Koma taonani chimene mayesowa amachita pa munthu: chiphaso chimene wachivutikira zaka zinayi sangachiike pachiswe chifukwa chofuna kubera mlendo mmodzi, ndipo amadziona ngati katswiri wa mzinda wake, wotha kuuza mlendo mbiri ya nyumba imene akuidutsa.

Sindikuikira kumbuyo dalaivala wozungulitsa mlendo njira yaitali, kapena wotchula mtengo wowirikiza katatu akangomva kuti munthuyu si wakuno. Kumeneko ndi kuba, ndipo kumapweteka anzake oona mtima kuposa wina aliyense. Komabe ndikupemphani kuti musanatumize apolisi mufunse kaye kumene khalidweli likuchokera. Dalaivala wambiri galimoto si yake, mwini wake amafuna ndalama yoikika tsiku lililonse kaya kunali okwera kaya kunalibe, pamsewu pali ofuna ziphuphu, pa bwalo la ndege pali ofuna kulipidwa kuti amulole kuima pamzere, ndipo ndalama zonsezi potsiriza zimatuluka m'thumba la mlendo. Mungathe kumanga madalaivala khumi lero, koma mawa ena khumi adzachita zomwezo chifukwa dzenje limene likuwameza silinakwiriridwe. Mitengo yolembedwa poonekera pa malo okwerera, nambala ya galimoto ndi dzina la dalaivala zooneka bwino kwa wokwera, foni yodandaulirako imene imayankhidwadi, ndi kulanga wolandira chiphuphu mofanana ndi wopereka, zimenezi zili m'manja mwanu ndipo sizifuna ndalama zambiri monga chipilala chatsopano.

Pa nkhani ya ogulitsa malonda m'misewu, chizolowezi cha mizinda yambiri n'chakuti kukamabwera msonkhano waukulu kapena mpikisano wa masewera, mavenda amathamangitsidwa ndi kulandidwa katundu kuti mzinda uoneke waukhondo pamaso pa alendo. Zimandipweteka mtima, chifukwa alendo ambiri amene ndawalandira, ndikawafunsa chimene chinawasangalatsa, sanatchule chipinda chodyera cha hotela yathu, amatchula munthu wa pamsewu amene anawadyetsa ndi kucheza nawo. Singapore inakumana ndi vuto lomweli la ukhondo ndi kuthithikana, koma inasankha njira ina. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 boma linalembetsa ogulitsa zakudya m'misewu, ndipo pakati pa 1971 ndi 1986 linawamangira malo okhala ndi madzi, magetsi ndi ngalande n'kuwasamutsira kumeneko. Mu Disembala 2020 bungwe la UNESCO, loona za maphunziro ndi chikhalidwe pa dziko lonse, linaika chikhalidwe cha ogulitsa zakudyawa pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, ndipo lero malo amenewa ndi amodzi mwa zinthu zimene mzindawo umanyadira kwa alendo. Wogulitsa amene ali ndi malo ake odziwika amasamala dzina lake, pamene wogulitsa amene maso ake ali kumsewu kuopa galimoto ya khonsolo amafuna kupeza zonse kwa kasitomala mmodzi asanathawe.

Za otola zinyalala sindichulutsa mawu. M'mwezi wa Malichi 2023 atanyanyala ntchito ku Paris potsutsa zokweza zaka zopumira pa ntchito kuchoka pa 62 kufika pa 64, zinyalala zoposa matani 10,000 zinaunjikana m'misewu, ndipo zithunzi zimene alendo anatumiza kwawo masiku amenewo zinali za milu ya zinyalalazo.

Pali funso limene sindinalimvepo likufunsidwa pa msonkhano uliwonse wa zokopa alendo umene ndinakhalapo: kodi woperekera zakudya amene waweruka pakati pa usiku amagona kuti, ndipo amafika bwanji kumeneko? Mzinda ukatchuka, nyumba za pakati pake zimasanduka zogona alendo, lendi imakwera, ndipo antchito amakankhidwira kutali. Pakati pa mzinda wakale wa Venice ku Italy pankakhala anthu pafupifupi 175,000 mu 1951, koma mu 2022 chiwerengerocho chinatsika kufika pansi pa 50,000. Pa chilumba cha Ibiza ku Spain pali antchito amene m'nyengo ya alendo amagona m'magalimoto ndi m'matenti chifukwa malipiro awo sakwanira chipinda. Ku Barcelona meya Jaume Collboni analengeza mu Juni 2024 kuti ziphaso za nyumba pafupifupi 10,000 zobwereketsa kwa alendo sizidzawonjezedwanso zikadzatha mu Novembala 2028. Kaya njira imeneyi idzathandiza motani, zikuonetsa kuti vutoli lakula mpaka atsogoleri sangalizembenso. Munthu amene amatha maola anayi pa tsiku ali pamsewu, n'kumayenda pansi mumdima chifukwa mabasi anasiya kale kuyenda, amafika pa ntchito mphamvu zitatha kale. Chinanso chimene chimatayika ndi ichi: wantchito amene sakhalanso mumzindamo sangauze mlendo za mzindawo, chifukwa nayenso wasanduka mlendo wongobwera kudzagwira ntchito.

Mliri wa COVID-19 unayenera kutiphunzitsa zimenezi mokwanira. Mu 2019 maulendo a alendo opita kunja kwa mayiko awo anali pafupifupi 1.5 biliyoni, ndipo mu 2020 anatsika ndi maperesenti oposa 70. Oyamba kuchotsedwa ntchito anali omwewa, aganyu ndi a makontrakiti aafupi, ambiri osapatsidwa kanthu. Alendo atayambanso kuyenda, mabwana anaitana koma anthu aja anali atapeza zochita zina ndipo sanabwerere. Mu Julayi 2022 bwalo la ndege la Heathrow ku London linachita kuika malire akuti okwera onyamuka asapitirire 100,000 pa tsiku chifukwa antchito anali osakwanira, ndipo pa bwalo la ndege la Schiphol ku Amsterdam mizere ya anthu inkatulukira kunja kwa nyumba. Ndege zinalipo, nyumba zinalipo, chimene chinasowa ndi manja, ndiponso luso limene munthu amalipeza atagwira ntchito zaka zambiri ndipo silibwerera ndi chilengezo cha ntchito cha sabata imodzi.

Ndiloleni nditchulenso ndalama yothokoza imene mlendo amasiyira womutumikira. Ku America lamulo la boma lalikulu limalola kuti wantchito wolandira ndalama zotere azilipidwa madola 2.13 okha pa ola, chiwerengero chimene sichinasinthe chiyambire 1991, ngakhale kuti zigawo zambiri za dzikolo zinakweza zawo. Malipiro akakhala otere, wantchito amadalira mtima wa kasitomala kuti adye, ndipo amakakamizika kupirira chipongwe chimene sakanachipirira. Kwina vuto limakhala lakuti ndalama yowonjezera imene imalembedwa pa bilu m'dzina la antchito imathera m'thumba la mwini malo. Ku Britain, kuyambira pa 1 Okutobala 2024, lamulo likukakamiza olemba ntchito kupereka ndalama zonsezi kwa antchito mwachilungamo popanda kudulapo. Mlendo amene wasiya kangachepe amakhulupirira kuti kafika kwa amene anamutumikira, ndipo kumunamiza pamenepa ndi kubera anthu awiri nthawi imodzi.

Masiku ano mlendo ali ndi mphamvu imene kale analibe, pakuti ndi foni yake angathe kulemba pa intaneti dzina la wantchito ndi kumuchotsetsa ntchito. Mphamvu imeneyi yathandiza kuulula zachinyengo zambiri, koma ilinso ndi mbali yoopsa. Ndaonapo mtsikana akudzudzulidwa ndi bwana chifukwa mlendo analemba kuti ndi wamwano, pamene mwano wakewo unali kukana kugwiridwagwiridwa. Si mlendo aliyense amene amakhala wolungama, ndipo wantchito ayenera kudziwa kuti akanena zoona bwana wake adzaima naye. Bungwe la zantchito la padziko lonse la ILO lili ndi pangano nambala 172 la 1991 lokhudza mmene antchito a m'mahotela ndi m'malo odyera ayenera kugwirira ntchito, komanso pangano nambala 190 la 2019 loletsa nkhanza ndi kuzunzana pa ntchito, limene limafikanso pa nkhanza zochokera kwa makasitomala. Ngakhale kumene boma silinasayine mapanganowa, palibe chokuletsani inu a khonsolo kuika mfundo zake mu ziphaso zimene mumapereka kwa mahotela ndi malo odyera.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Iye amakhala masiku atatu n'kupita, koma wantchito amatsala, ndipo mawa adzalandira wina, mkuja winanso, kwa zaka makumi awiri. Chotero ndalama imene mwaika pa wantchito mmodzi imafika kwa alendo zikwizikwi, pamene chikwangwani chimasuluka ndi dzuwa chaka chisanathe. Mizinda yambiri tsopano imatolera msonkho kwa mlendo aliyense wogona usiku, ndipo Venice inayamba mu Epulo 2024 kulipiritsa mayuro 5 kwa obwera kudzangoswera pa masiku ena otanganidwa. Pempho langa n'lakuti kumene msonkho wotere ulipo, gawo lodziwika ndi lolengezedwa poyera lipite ku mabasi a usiku, zimbudzi ndi madzi pa malo oimikapo takisi ndi ogulitsirapo malonda, maphunziro a zilankhulo ndi mbiri ya mzinda amene wantchito angawapeze kwaulere, ndi oyendera malo a ntchito okwanira amene sagulidwa.

Ndikupemphanso kuti mu komiti iliyonse yokonza mapulani a zokopa alendo mukhale dalaivala, wokonza m'zipinda, woperekera zakudya ndi wogulitsa malonda, osankhidwa ndi anzawo osati ndi mabwana awo, ndipo akhale ndi voti monga wina aliyense. Anthu amenewa amadziwa pamene alendo amasokera, funso limene amafunsa kawirikawiri, ngodya imene amaberedwa ndi chimene chimawakhumudwitsa, pakuti amazimva tsiku ndi tsiku kuchokera pakamwa pa alendowo, ndipo palibe katswiri wolipidwa ndalama zambiri amene angakuuzeni zoposa pamenepo.

Musanakhale pansi kukonza bajeti ikubwerayi, aliyense wa inu asankhe usiku umodzi, asiye galimoto ya ofesi ndi womuperekeza, anyamule chikwama, ndipo ayambire pa khomo lotulukira pa bwalo la ndege kapena pa siteshoni ya basi monga munthu wosadziwika. Mukwere chimene mlendo amakwera, mufunse njira kwa amene mlendo amamufunsa, mudye kumene mlendo amadya, ndipo malo odyerawo akatsekedwa mupemphe amene anakuperekerani chakudya kuti mumuperekeze mpaka pakhomo pa nyumba yake, kuti muone nokha ola limene amafika ndi ola limene ayenera kudzukanso. Zimene mukaone usiku umenewo mudzazibweretse pa msonkhano wa bajetiwo, ndipo ife amene timagwira ntchitozi tili okonzeka kubwera kudzayankha mafunso anu mukatiitana.

Ine wanu mwaulemu,
Mmodzi wa olandira alendo